Pretoria, Stellenbosch kapena Durban? Tithandizeni kusankha, abambo akunyumba sagwirizana ndi kuzizira

Nachisale: Moni nonse pa gulu pano. Pepani ndilemba zambiri koma mutu wanga waima. Ndinafunsira malo a Masters ya za chuma cha ulimi ku South Africa m'masukulu atatu, ndipo mwachisomo cha Mulungu onse ayankha kuti ndibwere, University of Pretoria, Stellenbosch ndi University of KwaZulu-Natal (UKZN). Sukulu ikuyamba February. Nkhani ndi iyi, tinamanga ukwati chaka chatha ndipo tinagwirizana kuti tipitira limodzi, zosiyana zaka ziwiri banja likadali lanthete ife ayi. Koma amuna anga ndi a ku Nchalo, anakulira m'dzuwa la ku Chikwawa, ndipo ali ndi mphumu. Atawatumiza kukaphunzitsa ku Dedza ndinaona ndekha zomwe kuzizira kumawachita, June ndi July ndimakhala maso usiku kumvetsera chifuwa chikulira ngati wezulo, mpaka tinapempha transifa. Ndiye ine mtima wanga uli ku UKZN chifukwa aliyense amati ku Durban kulibe chisanu. Amene muli konko kapena munakhalako, ndiuzeni zoona zokhazokha, kumene kuli kofunda koma koti banja la ana asukulu lingakwanitse ndi kuti?

Achimwene a ku Umbilo: Choyamba zabwino zonse achemwali, masukulu atatu si masewera. Ine ndili ku Durban chaka chachisanu ichi. Zoti kulibe chisanu ndi zoona, mu July masana timakhala pa madigiri 22 kapena 23, usiku kumatsika kufika cha m'ma 11, juzi imodzi yakwana. Nyanja yake madzi ndi ofunda chifukwa amachokera mbali ya ku Mozambique, anthu amasambira ngakhale mu June. Ine hita sindinagulepo chibwerereni. Koma January ndi February konzekani, si kutentha kwa ku Nchalo kouma kuja, kuno ndi chinyontho, ngati ku Nkhata Bay mvula ikangokata koma kuwirikiza, umasamba n'kutuluka m'bafa thukuta layamba kale.

Mai a Chisomo PTA: Zabwino zonse sisi. Ine ndikuti bwerani ku Pretoria, ndifotokoza bwino madzulo ndikaweruka.

Ngoni ya ku Scottsville: Achemwali dikirani kaye musanasangalale ndi nyanja. Tayang'anani kalata yanu ya UKZN ija, pakampasi alemba chiyani? Chifukwa UKZN ili ndi makampasi asanu, Howard College, Westville, sukulu ya madokotala ndi Edgewood ndiwo ali mbali ya Durban, koma za ulimi zili kuno ku Pietermaritzburg. Ngati kosi yanu ndi ya chuma cha ulimi ndiye kuti mukubwera kwathu kuno osati ku Durban.

Nachisale: Mayo ine. Ndayang'ana, alembadi Pietermaritzburg. Ine ndimangoti ndi dera lina la mu Durban momwemo ngati Limbe ndi Blantyre. Ndi kutali bwanji?

Ngoni ya ku Scottsville: Makilomita pafupifupi 80 pa msewu wa N3, ola limodzi pa galimoto ngati mathiraki sanatseke msewu. Ndi mzinda wina ndithu, ndiwonso likulu la KwaZulu-Natal. Mpikisano wa Comrades uja anthu amathamanga pakati pa mizinda iwiriyi. Ndipo nyengo ndi yosiyana, musanamizidwe. Maritzburg ili kumtunda ndiponso ili m'chidikha, mapiri mbali zonse. Chilimwe kumatentha kwambiri, masiku ena kudutsa 35, alamu athu a ku Nchalo adzamva ngati afika kwawo. Koma June ndi July m'mamawa kumazizira zedi, malo otsika pa udzu pamachita kuyera ndi chisanu, kenako ikamakwana 10 koloko dzuwa latuluka wavula jekete. Ndiye masana ndi bho, vuto ndi usiku ndi m'bandakucha. Chinanso chomwe sindingakubisireni poti mwatchula mphumu, nthawi yozizira utsi umakhazikika m'chidikhamu, wa mafakitale, wa moto wa tchire, m'mawa ukakhala pamtunda umauona uli phaa pamwamba pa tauni.

Nachisale: Ndiye basi zanga zada. Ndinali nditawauza kale apongozi kuti mwana wawo akupita kofunda.

Achimwene a ku Umbilo: Musataye mtima. Masters yambiri kuno ndi ya kafukufuku, simulowa m'kalasi tsiku ndi tsiku. Alipo anthu amakhala Pinetown kapena Durban momwemo n'kumakwera kupita ku Maritzburg kawiri pa sabata. Funsani kaye supavaiza wanu kuti akufuna kumakuonani kangati.

Ngoni ya ku Scottsville: Achimwene zimenezo n'zotheka kwa amene ali ndi galimoto. Pa thekisi mtsikana wachilendo kumadzuka 5 koloko kupita ku renki m'tauni, kubwerera kutada, chaka chonse? Ndalama ya transipoti yokhayo idya ya lendi. Komanso laibulale, anzako a m'dipatimenti, masemina, zonse zili kuno. Ine ndaonapo anthu akuyesa, pofika May amasamukira ku Scottsville.

Wa ku Mowbray: Ine ndingothandiza kuchotsapo imodzi kuti mutsale ndi ziwiri. Stellenbosch sukulu ndi yabwino kwambiri pa za ulimi, palibe angatsutse, ndipo tauni yake ndi yokongola. Koma kuno ku Western Cape nyengo ndi yotembenuka, mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira May mpaka August. Taganizirani chiperoni cha ku Thyolo koma cha miyezi itatu inayi, chophatikiza mphepo, ndipo mapiri oyandikira nthawi zina amagwa sinowo. Nyumba zambiri za lendi zilibe chotenthetsera, makoma amachita nkhungu, zovala pa chingwe masiku atatu osauma. Ine ndilibe mphumu koma chaka changa choyamba ndinakhosomola mpaka September. December mpaka February kumatentha bwino ndithu koma munthu sukhala chilimwe chokha. Za lendi ndiye musachite kufunsa, ku Stellenbosch malo ogona ana asukulu ndi ochepa ndipo ndi okwera mtengo, chipinda cha anthu awiri mudzalira nacho. Ndipo ndi kutali, kuchoka Johannesburg kufika Cape Town ndi makilomita 1,400, kukagwa zovuta kumudzi ulendo wake ndi wina.

Nachisale: Zikomo achimwene, Stellenbosch ndinkaikayikira kale chifukwa sanatchule za thandizo la ndalama. Ndiyichotse basi.

Mai a Chisomo PTA: Ndabwera tsopano. Sisi mvetserani. Ine ndinabwera kuno ndi amuna anga iwo akupanga PhD, ine ndinali woperekeza ngati momwe adzakhalire alamu athuwo, ndiye ndikulankhula zomwe ndinadutsamo. Nyengo ya Pretoria ili ngati ya Lilongwe koma yozizirirako mu June ndi July. Tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, Johannesburg ili pamwamba kuposa ife, cha m'ma 1,700, n'chifukwa chake kuno kumafundirako ngakhale ndi mizinda yoyandikana. Nthawi yozizira kulibe mvula, kumwamba kuli mbee, masana cha m'ma 19 kapena 20, usiku kumatsika mpaka 4 kapena 5. Ndiye sindinama kuti ndi kofunda ngati Durban, ayi. Kuzizira kulipo miyezi iwiri ndi theka. Koma ndi kouma, nyumba sichita nkhungu. Kuyambira September kumatentha, October mitengo ya jacaranda yachita maluwa misewu yonse, mvula yake yamabingu madzulo ngati kwathu.

Koma chomwe ndikukukokerani kuno si nyengo. Ofesi ya kazembe wa Malawi ili kuno, za pasipoti ndi makalata simuvutika ulendo. Basi yochokera ku Blantyre kudzera Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge imakutulani ku Johannesburg, apo Pretoria ndi pakhomo, pomwe wa ku Maritzburg ayambenso ulendo wina wa maola asanu kapena kuposa. Sitima yothamanga ya Gautrain yopita ku Johannesburg imachoka pa Hatfield penipeni pafupi ndi kampasi. Amalawi tilipo ambiri, mapemphero a Chichewa alipo, usipa ndi ufa woyera wa kumudzi zimabwera ndi mabasi. Woperekeza amafuna anthu sisi, kuposa dzuwa.

Achimwene a ku Umbilo: Mai a Chisomo Amalawi ndiye ku KZN aliponso ambirimbiri, ku Durban ungayende tsiku lonse ukulankhula Chichewa ndi Chiyao. Ndipo zakudya kuno n'zosavuta, mango, nthochi, mapeyala, nzimbe, pa Warwick pali msika waukulu ndiwo zamasamba zotchipa.

Mai a Chisomo PTA: Eya koma tagwirizana kale kuti sakupita ku Durban achimwene, akupita ku Maritzburg.

Nesi wa ku Joni: Ndawerenga zonse, ndiloleni ndilowepo ngati wa zachipatala. Achemwali, mphumu siyifanana. Ena chimawadzutsa ndi mpweya wozizira, ena ndi fumbi, ena nkhungu ya m'nyumba, ena utsi, ena mungu wa maluwa ndi udzu. Mukuti ku Dedza ankavutika, koma ndikufunseni, nyumba yake inali yotani? Munkaotha mbaula m'nyumba? Makoma ankachita chinyezi? Chifukwa mutha kuthawa kuzizira n'kukagwera m'chinyontho cha ku Durban komwe nkhungu ndi tizilombo ta m'matiresi timaswana kwambiri, munthu n'kumabanika kuposa kale. Kumwera kwa Durban, madera a Merebank ndi Wentworth, ndi kodziwika ndi vuto la chifuwa chifukwa cha mafakitale, anthu akhala akudandaula kwa zaka zambiri. Kuno ku Gauteng nako nthawi yozizira mpweya umauma ndipo kuli fumbi ndi utsi. Palibe mzinda womwe ndingakuuzeni kuti uko mphumu kulibe. Alamu apite kwa dokotala asananyamuke, afotokoze bwino nthawi zomwe zimawagwira, ndipo afunse za inhela yoteteza ya tsiku ndi tsiku, osamangodalira ya buluu ija yopopera zikavuta. Anthu ambiri kwathu amangodziwa ya buluuyo. Atengenso kalata ya dokotala yofotokoza mankhwala awo.

Nachisale: Anesi mwandikumbutsa. Nyumba ya ku Dedza inali ya sukulu, yakale, kuchipinda khoma lina linali lakuda ndi nkhungu ndipo inde tinkalowetsa mbaula madzulo chifukwa magetsi ankazimazima. Sitinaganizepo kuti mwina ndi zimenezo. Koma ku Nchalo nako nthawi yootcha nzimbe amati ankatsokomola ali mwana.

Nesi wa ku Joni: Mwaona? Ndiye utsi ukuoneka kuti uli m'gulu. Mbaula m'nyumba yotseka musadzayerekezenso kulikonse, imapha anthu ali m'tulo chaka ndi chaka kuno. Hita ya parafini nayonso ayi kwa munthu wa mphumu.

Malume a ku Area 25: Ana anga ine sindinakhaleko ku Joni koma ndaphunzitsa ana awiri kunja. Ndikuona nonse muli pa nyengo. Funso langa ndi lakuti ndani akulipira? Mwana wanga Nachisale, pa masukulu awiri atsalawo, ndi iti yomwe yalemba pa pepala kuti ikupatsa ndalama, zingati, kwa miyezi ingati? Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo ndalama zakunja m'mabanki ndi zosowa, amene ankadalira kutumiziridwa kuchokera kuno anaona zakuda. Munthu wanjala amazizidwa ngakhale ku Nsanje.

Nachisale: Malume zoona. Ku Pretoria supavaiza ali ndi pulojekiti ya za misika ya chimanga kum'mwera kwa Africa ndipo anati fizi alipira komanso kandalama ka mwezi ndi mwezi, koma kalata yake sinabwere, anangonena pa imelo. Ku Maritzburg anati ndikhoza kumathandiza kuphunzitsa a chaka choyamba n'kumalandirako pang'ono, koma za sikolashipu ndidikire. Tili ndi kandalama komwe tinasunga ndipo tikugulitsa galimoto.

Malume a ku Area 25: Imelo si kalata mwana wanga. Apemphe mwaulemu akulembere pa pepala la sukulu, idzakuthandizanso pa viza. Galimoto musagulitse kalatayo isanafike.

Ngoni ya ku Scottsville: Pa fizi pokha dziwani kuti ife a m'maiko a SADC timalipira ngati eni dziko, kungowonjezera kandalama kena ka ana asukulu akunja. Ndiye musaope mitengo ija amalemba ya anthu ochokera kutali. Ndipo ndinene chilungamo, moyo ku Maritzburg ndi wotchipirako kuyerekeza ndi Hatfield, ku Scottsville ndi Pelham anthu ambiri ali ndi tinyumba ta kuseri tomwe amachititsa lendi, umayenda wapansi kupita kukampasi. Tauni yake ndi yaing'ono, yabata, Chizulu umachitola msanga makamaka ife a ku Ntcheu ndi Mzimba mawu ena timachita kudabwa kuti agogo ankanena omwewa. Sukulu ili ndi famu yake ya kafukufuku ya Ukulinga kunja kwa tauni pang'ono. Ine ndimakukonda kuno, kungoti sindifuna mubwere ndi chithunzi cha nyanja m'mutu.

Mai a Chisomo PTA: Sisi ndibwerere pa nkhani ya woperekeza chifukwa palibe akuikhudza ndipo ndi imene imagwetsa mabanja. Inu mudzakhala ndi viza ya sukulu, imakulolani kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata. Alamu adzakhala ndi viza yoperekeza mkazi wawo ndipo imeneyo siyilola kugwira ntchito. Ndibwereze, siyilola. Ine ndinali ndi ntchito yanga ku Blantyre, ndinkadzuka m'mawa kuvala kupita kuofesi. Nditafika kuno amuna anga amachoka 7 koloko kubwera usiku, ine ndili m'kachipinda kamodzi, ndakolopa, ndachapa, ikadali 9 koloko. Ndinkakhala pa zenera kumawerenga magalimoto odutsa. Mwezi wachitatu ndinayamba kulira popanda chifukwa, kukwiya ndi zazing'ono, ndalama ya sopo kupempha. Tinatsala pang'ono kusiyana, anatithandiza ndi amayi ena a kutchalitchi omwe ankabwera kudzanditenga Lachinayi lililonse. Ndiye ine ndinali mkazi, anthu amati n'zachizolowezi. Nanga bambo, mphunzitsi wozolowera kuima kutsogolo kwa kalasi, abale ake kumudzi akumufunsa kuti ukutani kumeneko ukudyetsedwa ndi mkazi? Kambiranani zimenezi panopa muli ku Lilongwe. Dzuwa la ku KZN silingamuchotsere munthu kusungulumwa.

Nachisale: Mai a Chisomo mwandiliza. Zimenezi timazizemba tonse awiri, aliyense akuopa kukhumudwitsa mnzake.

Wa ku Mowbray: Alamu amaphunzitsa chiyani? Bwanji nawonso afunsire sukulu? Ngati ali ndi digiri ya uphunzitsi akhoza kupanga Honours, akhale ndi viza yawoyawo ya sukulu, maola 20 aja nawonso awapeze, pobwerera kumudzi nonse muli ndi mapepala. Ku Pretoria za maphunziro zili pa kampasi ya Groenkloof. Satifiketi zawo zidutse kaye ku SAQA, bungwe la kuno lounika mapepala a maphunziro, ngati momwe munachitira inu, ndipo zimatenga nthawi ndiye ayambe lero. Mwina February uno achedwa koma chaka chinacho n'zotheka.

Nachisale: Masamu ndi sayansi ku sekondale. Digiri ali nayo. Fizi ya anthu awiri ndiye ikundiopsa koma ganizoli ndalikonda.

Achimwene a ku Umbilo: Pa mapepala ndiwonjezere. Viza zonse ziwiri mupangiretu ku Lilongwe musananyamuke. Musamvere anthu oti alamu angolowa ndi masiku 30 aja amatipatsa pa boda kenako mukasintha muli konkuno, lamulo silophweka choncho, ndipo masiku akangopitirira potuluka amakudinda kuti usabwerenso, chaka kapena mpaka zaka zisanu. Mudzafunika setifiketi ya ukwati, ngati munangopanga chinkhoswe pitani mukalembetse mutenge pepala. Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ya dokotala, umboni wa malo ogona, ndi medical aid ya kuno ku South Africa, ya kwathu savomera.

Nesi wa ku Joni: Pa medical aid pomwepo, alamu alembetsedwenso ndipo mutchule za mphumu poyamba pomwe, musabise. Funsani ngati pali nthawi yodikira, chifukwa pa matenda omwe munthu wabwera nawo kale amatha kukudikiritsa mpaka miyezi 12 asanayambe kulipira. Ndiye nyamulani mankhwala okwanira miyezi yoyambirira.

Mtsikana wa ku Ndirande: Ine ndingofunsa zomwe amayi anga angafunse, nanga za kumenya alendo zija? Ku Durban si komwe Amalawi anathamangitsidwa?

Achimwene a ku Umbilo: Zinachitikadi, sindingakane. Mu April 2015 zinayambira ku Durban, anthu anathawira m'misasa ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu athu. Mu 2019 zinachitikanso kwa Amalawi a m'dera lina momwemu. Mu July 2021 kunali zipolowe zothyola mashopu KZN ndi Gauteng, Maritzburg inakhudzidwa kwambiri, tinakhala masiku osapeza buledi. Ndipo pa nyengo pomwepo tisaiwale madzi osefukira a April 2022 omwe anapha anthu oposa 400 kuno. Koma kunena zoona amene zimawagwera kwambiri ndi abale athu a m'makomboni ndi ogulitsa m'misewu, wa kuyunivesite wokhala pafupi ndi kampasi amatetezekako. Gauteng nayo siyosiyana, 2008 zinayambira ku Alexandra mu Johannesburg. Ndiye apa palibe mzinda wopambana unzake. Muziyenda ndi kope ya pasipoti ndi viza, foni osaionetsa mumsewu, usiku osayenda wapansi, kaya ndi Sunnyside ku Pretoria kaya ndi m'tauni ya Maritzburg.

Mai a Chisomo PTA: Zoona zimenezo. Ndipo chenjerani ndi nyumba za pa Facebook. Ife tinatumiza dipoziti tili ku Malawi kwa munthu wina amene anatitumizira zithunzi zokongola, titafika pa adiresiyo tinapeza anthu ena akukhalamo sakumudziwa n'komwe, nambala yake yazima. Tinagona kwa mnzathu pabalaza sabata ziwiri ndi masutikesi athu. Musalipire kanthu wina wa pa gulu pano asanapite kukaona ndi maso.

Ndipo poti mukufuna kofunda, chinsinsi chomwe ndinaphunzira mochedwa ndi ichi, funsani kuti zenera la chipinda layang'ana kuti. Kuno nthawi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye chipinda choyang'ana kumpoto chimalandira dzuwa tsiku lonse, madzulo umalowa muli mofunda ngati mwayatsidwa hita. Choyang'ana kum'mwera chimakhala ngati firiji June yense. Ife chaka choyamba tinali kum'mwera, pansi pa matailosi, mayunitsi a magetsi ankatha ngati madzi chifukwa cha hita. Chaka chachiwiri tinasamukira mbali ina ya bulokhu yomweyo, lendi yofanana, moyo unasintha. Mudzi womwewo, nyengo ziwiri.

Ngoni ya ku Scottsville: Izi ndi zoonanso kuno. Ndipo ku Maritzburg pewani nyumba za kumunsi pafupi ndi mtsinje wa Msunduzi, kuzizira kumatsikira komweko.

Nachisale: Abale ndawapatsa foni awerenge okha zonse kuyambira pamwamba. Akufuna alembepo.

Nachisale: Moni akuluakulu nonse, ndine mwamuna wa Nachisale. Zikomo chifukwa cha nthawi yanu, sindinayembekezere kuti anthu osandidziwa angadere nkhawa chifuwa changa chonchi. Ndinene zomwe sindinawauze mayiwa bwinobwino. Kuzizira ndimakuopa inde, amene anabanikapo usiku amadziwa. Koma chomwe chimandisowetsa tulo masiku ano ndi chija anena Mai a Chisomo. Ndaphunzitsa zaka zisanu ndi chimodzi, sindinakhalepo pakhomo tsiku la Lolemba. Komanso sindikufuna kuti mkazi wanga asiye supavaiza amene akumufuna ndiponso ali ndi ndalama ya kafukufuku chifukwa cha ine, kenako zaka khumi zikubwerazi azidzati ndikanapita ku Pretoria. Iyeyu anavutikira sukuluyi, ndinkamuona akuwerenga ndi tochi. Anesi, Lachisanu ndikupita kuchipatala kukafunsa za inhela yoteteza ija, sindinaigwiritsepo ntchito. Achimwene a ku Mowbray za Honours ndazimva, ndiyamba za SAQA sabata ino.

Malume a ku Area 25: Mwalankhula bwino mkamwini. Kuntchito musasiye, pemphani tchuthi chosalipidwa ngati angalole, kuti pobwera mudzapeze poyambira.

Nesi wa ku Joni: Alamu mwachita bwino. Mukapita muwauze adokotala zonse, za Dedza, za nkhungu, za utsi wa nzimbe. Ndipo akuonetseni kapopedwe koyenera, ambiri mankhwala amathera m'kamwa osafika m'mapapo. M'mawa wozizira muzifunda sikafu kukamwa ndi mphuno, mpweya uzilowa utafundako.

Achimwene a ku Umbilo: Ine ndagonja, Durban yanga yaluza mwachilungamo poti kosi kulibe kuno. Koma July mukadzatsekera sukulu bwerani mudzaothe, basi yochokera ku Pretoria ndi usiku umodzi, malo ogona alipo kwathu. Ndi nthawi yomwenso nsomba za sadini zimabwera kugombe la kum'mwera, zikachuluka anthu amatola ndi mabeseni, alamu a ku Shire adzasangalala.

Ngoni ya ku Scottsville: Ine ndikuti musawayankhe kaye a UKZN kuti simubwera mpaka kalata ya ndalama ya ku Pretoria itafika m'manja. Ikakanika, Maritzburg si malo oipa, ndidzakuyenderani ndekha kukuonerani nyumba ya pamtunda yoyang'ana kumpoto.

Nachisale: Ndabweranso. Ndawalembera asupavaiza a ku Pretoria m'mawa uno monga ananenera malume, ayankha kuti kalata ili ku ofesi ya za chuma ndipo ituluka sabata yamawa, atinso ndikhoza kukatenga deta yanga ku Malawi chaka chachiwiri, ndiye mwina June ndi July wachiwiriyo tidzakhala tili kumudzi. A UKZN sindinawayankhe, ndili ndi nthawi mpaka kumapeto kwa mwezi. Mai a Chisomo ndakutumizirani uthenga ku inbox, pali zipinda ziwiri ndaziona, china ku Arcadia china ku Hatfield cha kufupi ndi siteshoni, ngati mungapeze mpata Loweruka mukationere.

Mai a Chisomo PTA: Ndauona sisi. Loweruka ndipita cha m'ma 10 koloko dzuwa litakwera kuti ndione komwe likulowera, ndikayang'ananso kuseri kwa wadiropu ndi kudenga la kubafa ngati kuli nkhungu. Munditumizire nambala za eni ake, ndipo musawapatse ndalama iliyonse ndisanakuimbireni.